Phulusa mu Envulopu

Tambiile,
6 Januwale 2019

Mwana wanga Sikola,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kaya iwe ku Sunderland kumeneko, kodi chisanu chakusiyirako zala zolembera? Ndafunsa chifukwa kalata yako yomaliza inafika mapira asanache, ndipo lero mapirawo tawamwa kale m'zipanda za mowa wathu wa pito. Usandiuze za foni. Mawu a pafoni ndi mphepo, ndipo pa msinkhu wanga uno sindingamakwere mwala wa kuseri kwa sukulu ngati mbuzi, kukasaka netiweki. Kalata ndimaiwerenga katatu, kenako ndimakawawerengera anzanga pa pito, n'kuwonjezeramo zimene unaiwala kulemba.

Ife tili bwino. Mphepo ya harmattan yafika ndi fumbi lake, milomo yonse m'mudzi muno yang'ambika, moti anthu akuseka mosamala. Mlongo wako Dery akadali wamoyo, ndipo akadali waulesi.

Nkhani yaikulu ndi iyi: chipatala chatsegulidwa. Ukukumbukira kiyi uja unandisiyira tsiku limene unkanyamuka, n'kunena kuti akuboma abwera kudzamutenga Lolemba? Lolemba limenelo lafika patatha zaka zisanu. Mwezi wa Novembala kunabwera kamtsikana pa njinga yamoto, chisoti kumutu, n'kuima pakhomo panga osapereka ndi moni womwe. Akuti, "Kiyi wanga ali kuti?" Ndinakamuchotsa pa msomali paja, kuseri kwa chitseko, dzimbiri lili psuu. Dzina lake ndi Madamu Comfort.

Ntchito yake si monga unkagwirira iwe, kukhala pampando kudikira odwala. Uyu amatisaka m'makomo. Waphunzitsanso amayi awiri a m'mudzi muno kuyeza ana malungo, ndipo amayiwo tsopano akuyenda ngati anabadwira ku Accra. Lachitatu lililonse amasonkhanitsa nkhalamba zonse pansi pa mtengo wa dawadawa, n'kutimanga mikono ndi lamba wopopa. Ali ndi kagalasi kake konga buku la nyimbo, ndipo m'kagalasimo mumatuluka dokotala wa ku tauni ya Wa, mutu wokhawokha, n'kumatifunsa mafunso. Akuti dokotala mmodziyo akusamala midzi makumi awiri osadzuka pampando. Ndakhala mphunzitsi zaka makumi atatu, koma ulesi wotere sindinauonepo.

Andipeza ndi bipi yokwera. Akuti inafika pa 182, ndipo onse awiri, wapanja ndi wam'galasi, anagwira pakamwa. Mankhwala aja unkanditumizira andisinthira. Za mwano wa mtsikanayu sindilemba ndekha. Dery akuuza m'kalata yake imene ili momwemu.

Unditumizire masokosi ena, aja khoswe anawakonda kuposa ine. Ndipo undiuze, ubwera liti?

Ndine bambo wako,
Ignatius Kuuire


Tambiile,
6 Januwale 2019

Achemwali,

Landirani moni wa kuno. Ndikulemba ndi mtima wosweka, ndipo mukaona dontho papepalapa ndi msozi, si pito ayi.

Bambo akuzunzika. Namwino uja sawatchula Aphunzitsi monga umachitira mudzi wonse. Amawaitana "kapolo wanga". Pamaso pa anthu, achemwali! Lachitatu lapitali Bambo anafika mochedwa pamtengo paja, iye n'kukuwa, "Taonani, kapolo wanga wafika! Iwe nkhalamba, wachedwa kuti? Umakabisa mutu wa galu uja munatibera?" Anthu onse kufa nazo nseko, ngakhale a katekisiti amene. Bambo anati ayankhe, iye n'kuwatseka pakamwa ndi kachoyezera kutentha thupi.

Sizinathere pomwepo. Madzulo ake anabwera kunyumba, n'kulowa m'khitchini opanda ndi odi yemwe, n'kunyamula chigubu cha mchere ndi timibulu tonse ta supu togula kugolosale. Anatisiyira kamchere kosadzaza ndi chikhatho, akuti ka sabata yonse. Ndiwo masiku ano zikukoma ngati madzi a mvula, ndipo ine amene ndilibe bipi ndikulangidwa nawo. Pito wawadulira, chipanda chimodzi patsiku, ndipo chipandacho anasankha yekha, kachipanda kosakwana ndi kumwetsa mwanapiye.

Mapiritsi amachita kuwawerenga. Atapeza kuti atatu sanamwedwe, anagwira m'chiuno n'kunena kuti, "Iwe, ukafuna kufa undiuziretu tsiku, ndichape nsalu yanga yabwino. Pamaliro ako ndidzavina mangolongondo asanayambe kulira, ndipo nkhanga zako zonse ndidzatenga, chifukwa katundu wa kapolo ndi wa mbuye wake." Tsiku lomwelo Bambo anamwa mapiritsi, ndipo chiyambire pamenepo sanaphonyeponso.

Ine ndine mlimi chabe, malamulo a chipatala sindiwadziwa. Inu ndinu namwino wamkulu kwa Angerezi, mumasamala azungu. Tandiuzani, munthu wotereyu mukumuona bwanji? Musafulumire kuyankha. Werengani kawiri, makamaka za mutu wa galuzo.

Ngati m'phukusi la masokosi a Bambo mutatsala malo, musaiwale kuti nanenso Mulungu anandipatsa mapazi.

Ndine mlongo wanu,
Dery


Sunderland,
2 Febuluwale 2019

Iwe Dery,

Moni wako ndalandira. Ndili bwino, kupatula kuti kalata yako ndinaiwerenga pa nthawi yopuma, ndipo tiyi wanga anazizira osamwedwa.

Iwe ndiwe mwamuna wanji? Munthu akutukwana bambo ako pagulu, iwe uli pomwepo mano pamtunda? Bambo anaphunzitsa theka la boma limenelo kuwerenga. Kuno ndikangomutchula wodwala dzina limene sakulifuna, mawa lake ndili pamaso pa komiti. Wodwala timamupempha chilolezo ngakhale pomugwira dzanja. Nanga uyu, kulowa m'khitchini ya eni ake! Kuopseza nkhalamba ndi maliro ake omwe!

Koma za mankhwala ndi zimene zandiwawa kwambiri. Anamwino a m'midziwa amaphunzira zaka ziwiri zokha. Pa nthawi yanga ntchito yawo inali katemera ndi sikelo ya ana. Ndani wamupatsa mphamvu zosintha mankhwala amene ndinasankha ine, munthu wa zaka zisanu m'wodi ya matenda a mtima? Ndipo dokotala wa m'galasiyo angamve bwanji kugunda kwa mtima wa munthu, iye ali ku Wa? Ndikudziwa mmene zimakhalira. Anthu akasowa, amangotola aliyense, n'kumupatsa njinga ndi kagalasi, n'kuzitcha njira yatsopano.

Za mutu wa galu sindinazimvetse, ndipo ndilibe nthawi ya ndagi zako. M'wodi mwathu tilimo anamwino atatu pamene pakufunika asanu ndi awiri, miyendo yanga imatupa ngati zilazi. Kunonso anthu akusowa, usaganize kuti timangokhalira kudya mabisiketi.

Uwauze Bambo kuti masokosi ali m'njira, ndipo kubwera chaka chino n'kovuta. Iwe ndakuikiramo awiri, ngakhale sukuyenera.

Ndine mlongo wako,
Scholastica


Tambiile,
3 Malichi 2019

Mwana wanga Sikola,

Moni. Masokosi afika ndipo ndikuthokoza, ngakhale kuti m'kutentha kwa Malichi kuno, munthu akavala masokosi abale ake amakamuitanira wansembe.

Choyamba, wanditayitsa nkhanga yanga yonenepa. Ine ndi Dery tinabetcherana. Iye anati, "Achemwali asanduka Mngerezi, za kwathu aiwala." Ine ndinati, "Mwana wanga akangowerenga za mutu wa galu, adziwa." Tinapangana kuti mtundu wa namwinoyo tisautchule. Tsono kalata yako itafika, Dery anaiwerenga ataimirira pampando, ndipo nkhangayo anaidya yekha, ine n'kundipatsa khosi.

Sikola, Comfort maina ake ena ndi Ayampoka Adongo. Ndi Mfrafra! Kodi pansi pa thambo pali mtundu wina uti umene ungamutche Mdagaaba ngati ine kapolo, iye n'kuseka? Ndani winanso amene timalimbirana naye mutu wa galu chiyambire makolo athu? Ukanamva zimene ndimamuyankha ine, ukanamumvera chisoni iyeyo. Tsiku lina ndinamuuza kuti Afrafra anapatsidwa unamwino chifukwa Mulungu anaona kuti khasu lawakanika. Mayankho angawo Dery anawasiya dala. Mfrafra akakunyoza sukwiya, ndipo akakulamula sukana, paja ndi mwambo. Iwe unandiuza za mchere zaka khumi, mwaulemu, ndi "chonde Bambo" wako, kodi ndinamva? Uyu anangolanda chigubu. Bipi yatsika, ili pa 146.

Tsopano nkhani yoipa. Pali munthu wina wopanda nzeru amene walemba dandaulo kuboma, pa kompyuta, kuti Comfort amatukwana odwala, kuwaopseza, ndi kusintha mankhwala mopanda chilolezo. Mkulu wa zaumoyo ndi Bambo Essilfie, munthu wabwino ndithu, koma ndi wa kutali kugombe la nyanja, kumene nthabwala zathu sazidziwa. Akuti atawerenga za kapolo anavula magalasi n'kupempha madzi. Aitanitsa bwalo pa 4 Epulo. Akamupeza wolakwa amusamutsa, ndipo atiuziratu kuti wolowa m'malo palibe. M'boma lonse lino anamwino otsala ndi owerengeka, ena onse ali kumene uli iweko, akutupa miyendo.

Wolembayo sitikumudziwa. Pa pito timamutemberera tsiku ndi tsiku, mosinthana, kuti wina asatope. Akuluakulu ena akuti nkhuku zake zithe ndi chitopa. Ena akuti mano ake agweluke onse, kutsale limodzi loti lizimuwawa. Ine ndimangoti amene anamubereka anataya nthawi. Iwe ndi nzeru zakozo, ukuganiza kuti angakhale ndani?

Ndine bambo wako,
Ignatius Kuuire


Sunderland,
22 Malichi 2019

Okondedwa Bambo,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti bipi yatsika. Kuno kukugwa mvula. Dzulo inagwa, dzana inagwanso. Maluwa achikasu ayamba kutuluka m'mbali mwa msewu, ndi okongola kwambiri. Basi imene ndimakwera aisintha nambala.

Za nkhanga pepani. Ndinawerenga nditatopa.

Za wolemba dandauloyo, ine ndingadziwe bwanji ndili kuno? Koma mwina musamutemberere kwambiri. Mwina ndi munthu amene amakukondani, anangomva mbali imodzi. Mwinanso ali ndi mfundo pa nkhani ya mankhwala, chifukwa malamulo ndi malamulo. Makamaka temberero la mano lija, muwauze akuluakuluwo alibweze. Kuno kuti munthu aonane ndi dokotala wa mano amadikira miyezi isanu ndi umodzi.

Dery asamavutike kukwera mwala kuti andiimbire. Masiku ano foni ndimaizimitsa chifukwa cha ntchito.

Ndine mwana wanu,
Scholastica


Tambiile,
5 Epulo 2019

Achemwali,

Moni. Ndakwera mwala kasanu, foni yanu ikungoyankha mzungu wamkazi amene sandimva. Choncho khalani pansi muwerenge.

Dzulo tinapita kubwalo kuja. Bambo anavala mkanjo wawo wamizeremizere wa pa Isitala, ndi masokosi anu. Anatenga nkhalamba zisanu ndi zinayi za gulu la Lachitatu kuti zikachitire umboni, tonse pa njinga imodzi ya matayala atatu ngati mbuzi za kumsika. Panjira ndinawachonderera, "Bambo, lero lokha, pakamwa pagwireni." Iwo anati, "Ine ndine mphunzitsi, ndimadziwa polankhula."

Bambo Essilfie anatilandira bwino, anatipatsa ndi madzi ozizira omwe. Comfort anakhala pakona, yunifomu yosita, manja pamaondo, ngati mwana wolandira Ukalistia woyamba. Bwanayo anafunsa mofatsa, "Aphunzitsi, musaope. Kodi n'zoona kuti namwinoyu amakutchani kapolo?"

Bambo anaimirira, n'kukonza mkanjo. "Amanditchadi, bwana, koma ndi bodza lamkunkhuniza. Kapolo ndi iyeyo. Agogo ake tinawagula ndi mtanga wa mtedza, ndipo mpaka lero timadandaula mtedzawo."

Comfort anapirira, anapirira, kenako chinamuphulika. "Bwana, musaimvere nkhalamba iyi. Mankhwala anga aipatsa mphamvu zonamira."

Apo basi, nkhalamba zonse zinadzuka. Wina za galu, wina za mphuno yake, wina za njinga yake yolira ngati bulu wamasiye. Onse ankaganiza kuti akumuthandiza, akumuonetsa bwana mmene timamukondera. Iye naye ankabweza mmodzimmodzi, osasiyako. Bwana kukamwa kuli yasa. Kenako anamenya tebulo n'kunena kuti amva zokwanira. Akuti poyamba ankaganiza kuti namwino akuzunza mudzi, tsopano aona kuti mudzi nawo ukuzunza namwino, ndiye amuchotsa pa 30 Epulo kuti apulumutse mbali zonse ziwiri. Mlembi wawo, amene ndi wakwathu konkuno, anati afotokoze, koma nseko zinamutsamwitsa mpaka anatuluka panja.

Bambo anafunsa ngati pali njira ina. Bwana anati dandaulo lolembedwa silifa pokhapokha mwini wake atalibweza, makamaka ili, lochokera kwa namwino wamkulu wodziwa malamulo. Ndiye anayamba kuliwerenga mokweza. Dzina sanatchule, ndipo panalibe chifukwa. Atangofika pa chiganizo chachiwiri, ndinaona chala cha Bambo chikugwedera m'mwamba, monga ankachitira m'kalasi posonyeza mipatuliro ndi mipumiro. Potuluka anandinong'oneza, "Chingerezi chimenecho ndinaphunzitsa ndine. Palibe polakwika ngakhale pamodzi." Anaseka, achemwali, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

Nkhanga ija ndinadya ine, ndipo mlandu wina ndi wanga, ndikuvomera. Ndinkangofuna kukusekani. Koma paja safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli tikudya mudzi wonse.

Ndine mlongo wanu,
Dery


Tambiile,
7 Epulo 2019

Sikola,

Moni ndikupatsa, chifukwa ine ndinaleredwa bwino.

Temberero la mano talibweza. Latsala langa lija, lakuti amene anakubereka anataya nthawi, koma limenelo likugwera ine ndemwe, choncho usadandaule nalo.

Dzulo Comfort anabwera ndi kiyi. Akuti asatayike m'chipwirikiti cha kusamuka, azidzamutenga m'mawa uliwonse mpaka tsiku lake litakwana. Anamupachika yekha pa msomali paja. Sananditche kapolo. Anati, "Aphunzitsi, mwaswera bwanji?" Mwana wanga, chibadwire sindinatukwanidwepo chotero.

Pali chinthu chimene sindinakulemberepo. Tsiku limene mayi ako anagwa pamjigo, tsiku lawo lomaliza lija, tinawanyamula pa njinga kupita nawo kuboma, ulendo wa maola awiri. Tinadutsa pakhomo pa chipatala chako, chitseko chokhoma, udzu mpaka m'mazenera, kiyi ali pa msomali m'nyumba mwanga. Sindinakuimbe mlandu tsiku limenelo, ndipo sindikukuimba lero. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Unapita kumene ntchito yako imalemekezedwa, ndipo malata amene akunditeteza ku mvulawa ndi thukuta lako. Koma chimene chinalemba dandaulo lija ndikuchidziwa. Si ulemu wanga wokha umene unkateteza. Unamva kuti wina wakhala pampando wako, anthu akuchira, ndipo zinakuwawa. Zimawawadi. Nanenso nditapuma ntchito ndinadana ndi mphunzitsi watsopano chaka chathunthu, mpaka ndinkakonza zolemba zake pabolodi iye atapita kwawo. Koma kiyi ameneyu sindikufuna kukhala naye nyumba imodzi kachiwiri.

Mu envulopumu muli kapepala kopinda. Utsegule mosamala. Mwini wake walemba yekha pansipa.

Bambo wako,
Ignatius Kuuire

Kwa mwana wa kapolo wanga,

Ndine Ayampoka. Ndamva kuti mtima wanu watentha. Kwanu kuno anthu akakangana, kapena akalira mopitirira pamaliro, Mfrafra amatapa phulusa n'kuwawaza, ndipo likakugwera mkwiyo umathera pomwepo, ulibenso chilolezo choupitiriza. Mwina mwaiwala, ndiye ndati ndikukumbutseni. Phulusali ndatapa pa mafuwa a mayi anu.

Mankhwala a bambo anu sindinasinthe ndekha. Aja ankawatsokomoletsa, ndiye ankawataya kuseri kwa nkhokwe, kuopa kukukhumudwitsani. Atsopanowa analemba ndi dokotala wa ku Wa. Zaka zanga ziwiri n'zochepadi, sindikana. Pali zambiri za mtima zimene sindidziwa, ndipo dokotalayo ndimamupeza mphindi khumi pa sabata. Pakanakhala wina woti ndizimufunsa ndikanamufunsa, ngakhale atakhala Mdagaaba.


Sunderland,
26 Epulo 2019

Okondedwa Bambo,

Makalata onse awiri afika limodzi Lachitatu. Munati nditsegule mosamala, koma munalemba kumapeto. Ine ndinayamba ndi kapepala kopindako, m'chipinda chopumira anamwino, phulusa lonse n'kuwazikira pa yunifomu. Mnzanga wina wachizungu anakuwa, akuganiza kuti wina wanditumizira poizoni, ankafuna kuitana apolisi. Ndinamuuza kuti ndi mankhwala a kwathu. Anafunsa, "A matenda anji?" Ndinati, "A kudzikuza." Kenako ndinakadzitsekera kubafa n'kulira ngati mwana, chifukwa phulusalo linkanunkhira khitchini ya Amayi.

Dandaulo lija ndinalemba ndine. Mukudziwa kale, koma ndikufuna muzione ndi dzanja langa, ndipo mukawawerengere anzanu pa pito, osawonjezeramo kanthu. Za mpando munanena zoona. Zaka zonsezi ndakhala ndikutumiza mankhwala ndi masokosi, koma za chitseko chija ndinkaopa kufunsa. Nditamva kuti chatsegulidwa, m'malo mothokoza ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndinawaveka malaya a malamulo. Ndikhululukireni.

Dandaulo ndinalibweza tsiku lomwelo. Bambo Essilfie ndawaimbira katatu. Koyamba anati ndachedwa, kalata yosamutsa yasainidwa kale. Kachiwiri ndinawafotokozera za Adagaaba ndi Afrafra theka la ola. Anafunsa, "Ndiye kuti mukamakondana mumatukwanana? Nanga mukadana mumatani?" Ndinati, "Timapatsana moni mwaulemu." Kachitatu ndinawalonjeza kuti Loweruka lililonse limene sindili pantchito ndizilowa m'galasi ola limodzi, kuthandiza Comfort ndi anzake a m'midzi yoyandikana pa matenda a mtima. Apo anati aganiza. Kwatsala masiku anayi, ndipo sindikudziwa ngati ndafulumira mokwanira.

Dery mumuuze kuti wandigwetsa m'dzenje ndi iye, koma ndinalumphiramo ndekha. Pansipa ndi pa Ayampoka.

Iwe Mfrafra, phulusa lako lafika, ndazizira. Koma usanyade. Yunifomu yanga wandidetsera, ndipo mutu wa galu uja munaba ndinu, dziko lonse likudziwa. Akakusiya pamenepo, Loweruka ubwere ndi mafunso ako ndi kope, ndione ngati m'mutu mwa Mfrafra mumalowa maphunziro. Kapolo wakoyo ukamamuwerengera mapiritsi uzipisanso m'thumba la mkanjo, ndimo ankabisa kwinini Amayi ali moyo.

Ndine mwana wanu,
Sikola


Tambiile,
12 Meyi 2019

Mwana wanga Sikola,

Moni. Mvula yoyamba yagwa ndipo tayamba kubzala mapira, ndiye kuti Dery wayamba kumva msana.

Zoti Comfort watsala ukudziwa kale, poti dzulo munaonana m'galasi. Ine ndikulemba kuti zikhale papepala. Bambo Essilfie anabwera okha pa 30 Epulo, pansi pa dawadawa, kudzalengeza. Pomaliza anafuna kuyesako mwambo wathu kuti atisangalatse. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Inu Aphunzitsi, ndinu kapolo." Munthu wa kugombe alibe chilolezo chimenecho. Akuluakulu anayamba kufufuza ndodo zawo, ndipo Comfort anachita kuthamanga kukatapa phulusa. Bwanayo anabwerera kuboma ali mbuu, atapepesa ndi nkhanga. Choncho nkhanga yanga ija yabwerera, ndipo Dery ndamusungira khosi.

Dzulo ndinapita kuchipatala ndikunamizira mutu. Ndinaima pazenera, ndipo ndinakuona. Mutu wokhawokha ngati dokotala wa ku Wa, koma unali wako. Wanenepa masaya, ndipo ukamafotokoza umagwedeza chala ngati ine. Chiikireni mayi ako m'manda, nkhope yako ndinali ndisanaione, ndipo ndinasangalala kwambiri. Sindinalowe, chifukwa ndinanena kale pagulu kuti za magalasi ndi za aulesi, ndipo mphunzitsi sabweza mawu msanga. Loweruka likubwerali mutu udzandipwetekanso.

Bipi ili pa 138. Mchere sanabweze. Za m'thumba la mkanjo unachita kundipereka m'manja mwa adani, ndipo ndazisunga mumtima.

Kiyi Comfort anadzamutenga tsiku lomwelo limene bwana analengeza. Anaima pakhomo osapereka moni, akuti, "Iwe nkhalamba, bweretsa katundu wa mbuye wako." Ndinamuponyera. Atangochoka ndinatenga mpeni n'kuuzula msomali uja, ndipo Dery wakhomera khola la nkhanga. Ukadzabwera, usadzaufunefune.

Ndine bambo wako,
Ignatius Kuuire